Dazi layamba ndili ndi zaka 29, ndamwa finasteride milungu itatu koma akazi anga ndi oyembekezera

Wa ku Chibavi walemba:

Moni nonse. Ndavutika mumtima usiku wonse nde ndati ndifunse, mwina pali wina amene anadutsamo kapena amadziwa za mankhwala. Ndili ndi zaka 29 ndipo dazi layamba kundilowa. Zinayamba zaka ziwiri zapitazo m'mbali mwa chipumi, panopa ndi paliwombo pomwe pakuwala, moti wometa wanga tsiku lina anazimitsa mashini n'kundigwirira kagalasi kachiwiri kumbuyo kuti ndidzionere ndekha, sanalankhule kanthu koma ine ndinatuluka mu barbershop muja miyendo ili yolemera. Bambo anga ali ndi dazi, amalume awiri chimodzimodzi, nde ndikudziwa kumene ndikulowera. Ena aziti ndi nkhani yaing'ono koma ine chipewa sindivula olo kutenthe bwanji.

Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandiuza za finasteride, mapilisi oletsa dazi, anandilumikizitsa kwa munthu wina wogulitsa pa WhatsApp. Anandipatsa mapilisi a 5 mg akuti ndizidula panayi ndi lezala n'kumamwa kachidutswa kamodzi patsiku, ati ndi zotchipa choncho. Ndamwa milungu itatu. Ndimadulira pa sosa kukhitchini ndipo amanyenyeka, pamatsala kaufa, nde masiku amene ndachedwa m'mawa akazi anga ndi amene amandidulira a sabata yonse n'kuyika m'kabotolo, sosa ujanso amatsuka ndi iwo. Vuto ndi lakuti ndi oyembekezera, mimba ya miyezi inayi, mwana wathu woyamba. Dzulo ndi pomwe ndatambasula kapepala ka m'bokosi kaja n'kuona kuti mayi woyembekezera asagwire pilisi losweka. Sindinagone abale.

Mafunso anga ndi awa. Kodi mwana ndamuvulaza? Kodi mankhwalawa amagwiradi ntchito kapena ndikungotaya ndalama? Nanga zoti amapha mphamvu m'nyumba ndi zoona? Komanso achemwali anga a zaka 34 tsitsi lawo latha kutsogoloku ndipo wina wawauza za spironolactone, andituma kuti ndifunsenso.

Wa mu pharmacy ku Katoto wayankha:

Achimwene, choyamba lero lomwe madamu asagwirenso mapilisiwo, lezala ndi sosa zichoke kukhitchini. Akamapita ku sikelo mupite nawo, mutenge bokosi lomwelo, muwauze anamwino kuti agwira ziduswa kwa milungu itatu. Musabise chifukwa cha manyazi. Kuti mtima ukhale m'malo pang'ono, mankhwala amene angalowe kudzera pakhungu chifukwa chogwira kaufa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi munthu amene wamwa pilisi, chenjezo lija analiyika kuti pasakhale kuyesa dala. Koma amene angakuuzeni za mimba yanuyo ndi amene akuwaona madamu maso ndi maso, osati ife pano.

Chifukwa chake chenjezolo lilipo chikugwirizana ndi momwe mankhwalawa amagwirira ntchito. M'thupi la mwamuna testosterone wina, amene ndi homoni yachimuna, amasinthidwa kukhala homoni ina yotchedwa DHT, ndipo chimene chimasintha ndi kanthu kena ka m'thupi, enzyme yotchedwa 5-alpha reductase. Kwa munthu amene dazi lili kumtundu ngati inu, mizu ya tsitsi la kutsogolo ndi paliwombo imamva DHT kwambiri, imanka nifota, tsitsi limatuluka lopyapyala ndi lalifupi ngati ubweya wa khanda mpaka kusiyiratu. La m'mbali ndi kunkhongo silimva, n'chifukwa chake madala a dazi amakhala nalobe la m'mbali. Finasteride amatseka enzyme imeneyo ndipo DHT m'magazi amatsika ndi pafupifupi 60 mpaka 70 peresenti. Tsono DHT yemweyo ndi amene amaumba maliseche a mwana wamwamuna ali m'mimba. Nkhani yonseyi inadziwika mu 1974 kuchokera ku Dominican Republic, komwe dokotala wina Julianne Imperato-McGinley anafotokoza za ana aamuna obadwa opanda enzyme imeneyi, amabadwa akuoneka ngati atsikana, akakula prostate yawo, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, imakhala yaing'ono ndipo dazi sachita. Kampani ya Merck inatengera pamenepo, mu 1992 inatulutsa wa 5 mg wa prostate dzina lake Proscar, mu 1997 wa 1 mg wa tsitsi dzina lake Propecia. Nde amene mukumwa inuyo ndi wa prostate uja. Pilisi lathunthu limakhala ndi chikuto kunja choteteza wogwira, mukalidula chitetezocho chatha.

Kugwira ntchito amagwira, apa sindikunamizani. Pa kafukufuku amene anachitika asanavomerezedwe, amuna pafupifupi 8 pa 10 alionse tsitsi lawo silinapitirire kuchepa pa zaka ziwiri, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu linabwererako paliwombo. Kutsogolo kwa chipumi amathandiza mochepera, ndipo pamene pasalala kale ngati chikhatho kwa zaka zambiri musayembekezere kanthu. Milungu itatu simungaone chilichonse, pamafunika miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, chigamulo chenicheni ndi pakatha chaka. Chimene ogulitsa pa WhatsApp sanena ndi chakuti sachiza. Mukasiya DHT amabwerera, ndipo mkati mwa chaka tsitsi lonse limene munapulumutsa limapita.

Za m'nyumba ndi zoona koma si aliyense. Pa kafukufuku yemweyo amuna pafupifupi 4 pa 100 anadandaula za kuchepa chilakolako, kuvuta kudzuka kapena umuna kuchepa, pamene omwe amamwa mapilisi opanda mankhwala anali 2 pa 100. Ambiri zimatha akasiya koma alipo amene amanena kuti zinapitirira olo atasiya, ndipo izi zinalembedwa m'kapepala ka mankhwala, si mphekesera. China chimene ine chimandidetsa nkhawa kuposa ndi maganizo. Mu 2025 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya, EMA, linatsimikiza kuti maganizo ofuna kudzipha ndi limodzi mwa mavuto a finasteride. Mukaona kuti mwayamba kukhumudwa popanda chifukwa, tulo kusowa, siyani pompo mukaonane ndi adokotala, kuno ku Mzuzu tili ndi mwayi kuti chipatala cha St John of God chilipo pa nkhani za maganizo. Bere likatupa kapena kupweteka, kapena mwamva kachotupa, chimodzimodzi.

Ndipo chonde za pa WhatsApp zisiyeni. Simukudziwa kuti asungidwa bwanji, olo kuti mkatimo mulidi finasteride. Awa ndi mankhwala ofunika kalata ya dokotala, mugule mu pharmacy yolembetsedwa ndi PMRA, bungwe loona za mankhwala kuno ku Malawi. Wina akakuuzani za dutasteride, mankhwala ena a mtundu womwewu, kuti ndi wamphamvu, inde amatsitsa DHT ndi 90 peresenti kapena kuposa ndipo ku South Korea ndi Japan anavomereza pa dazi, koma amakhala m'thupi miyezi ingapo mutasiya. M'nyumba muli mayi woyembekezera, ameneyo musamuyandikire n'komwe.

Wa ku Luwinga wayankha:

Amwene ine ndinadutsamo, ndikuuzeni zanga. Ndinayamba ndili ndi 27, wa 1 mg, adokotala atandilembera. Mwezi wachiwiri ndinatsala pang'ono kutaya botolo chifukwa tsitsi linkathothoka kuposa kale, ndikadzuka pa pilo pali tsitsi, ndikasamba m'beseni mukuyandama tsitsi. Ndinabwerera kwa adokotala ndili wokwiya, iwo anati zimachitika, tsitsi lofooka likuchoka kuti litulukenso lina, dikirani. Anandiuza kuti ndizijambula paliwombo pa foni tsiku loyamba la mwezi uliwonse, malo amodzimodzi, kuwala kofanana, nditangometa. Ndinkaima pakhonde m'mawa mng'ono wanga n'kukwera pampando kundijambula. Chithunzi cha mwezi woyamba ndi cha mwezi wachisanu ndi chitatu zinali zosiyana ndithu, khungu limene linkawala linabisika. Kutsogolo sikunabwerere koma kunaima pomwepo. Ndinkapakanso minoxidil wa 5 peresenti, ameneyu sakhudza mahomoni, amangothandiza mizu kuti izitulutsa tsitsi nthawi yaitali, ndipo awiriwa pamodzi amachita bwino kuposa mmodzi.

Za m'nyumba, miyezi iwiri yoyamba chilakolako chinatsika, sindibisa. Ndinawauza akazi anga kuti asaganize kuti ndapeza wina kunja, kenako zinabwerera zokha. Koma mnzanga amene tinayambira limodzi anasiya pa mwezi wachinayi chifukwa kwa iye zinafika poyipa, ndipo zinamutengera nthawi kuti akhalenso bwino. Nde sindinganene kuti poti ine zinayenda bho inunso ziyenda.

Chimene chinandigwetsa ndi ndalama. Nditamwa zaka zitatu contract inatha, mitengo ya mankhwala ochokera kunja inakwera kwacha itagwa mu 2023, ndipo nthawi zina umazungulira tauni yonse osawapeza mpaka kutuma munthu ku Lilongwe. Ndinasiya. Miyezi khumi yokha mutu unali pomwe ukanakhala ndikanapanda kumwa n'komwe, zinandiwawa kuposa poyamba paja chifukwa ndinali nditazolowera kudziona ndi tsitsi. Nde musanapitirize khalani pansi ndi madamu muwerengere, mwana akubwera, matewera, sikelo, lendi, kodi muzikwanitsa mwezi ndi mwezi kwa zaka khumi? Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndaima mpaka mayi achire, miyezi isanu si yambiri pa dazi limene limatenga zaka, kenako n'kukayamba bwinobwino ndi a 1 mg osadula.

Mayi wa saluni ku Mchengautuwa wayankha:

Ine ndiyankhe za achemwali anuwo poti mitu ya azimayi ndimaigwira tsiku ndi tsiku zaka khumi ndi ziwiri tsopano. Mwati tsitsi latha kutsogolo. Afunseni kaye, amaluka chiyani? Chifukwa azimayi ambiri amene amakhala pampando wanga m'mbali mwa chipumi mutapita, si mahomoni ayi, ndi kukoka. Mesh yothina, ma braids aatali olemera ofika m'chiuno, wigi yomata ndi glue, kenako relaxer pamwamba pa tsitsi lomwe latopa kale. Munthu amachoka pa saluni nkhope itakokeka, usiku kugona chokhala, kumwa panado, m'mawa tiziphuphu tating'ono m'mzere wa tsitsi, n'kumati nde kuti aluka bwino. Tiziphuphu timeneto ndi mizu ikulira. Ukazindikira msanga n'kupumitsa mutu tsitsi limabwerera, koma ukapitiriza zaka mizu imafa pamakhala chipsera ndipo palibe pilisi limene lingadzutse. Ine makasitomala ena ndimawakana kuwaluka, amakwiya n'kupita kwina, koma sindingamange mesh pa tsitsi zitatu zimene zatsala pachipumi.

Dazi la mahomoni kwa mzimayi limaoneka mosiyana. Mzere wa kutsogolo umakhalapo koma pakati pa mutu ndi pomwe pamapyapyala, ukagawa tsitsi pakati njira ija imanka nikula. Mng'ono wanga ndi amene anali nazo zimenezi, pamodzi ndi ziphuphu zosatha, ndevu pachibwano ndi kusamba modumphadumpha, kuchipatala anati ndi PCOS, vuto la kusokonekera kwa mahomoni mwa mzimayi, ndipo anamupatsa spironolactone. Nde ndinaphunzira zambiri pomuperekeza. Awa kwenikweni ndi mankhwala a BP ndi ochotsa madzi m'thupi kwa odwala mtima kapena chiwindi, koma amatsekanso malo amene mahomoni achimuna amagwira, n'chifukwa chake madokotala a khungu amapatsa azimayi. Amuna sawapatsa pa nkhani ya tsitsi chifukwa amatupitsa mabere. Mng'ono wanga anayamba ndi wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono, milungu yoyamba kukodza pafupipafupi, akadzuka mofulumira chizungulire, mabere kuwawa, msambo unasokonekeranso. Patatha miyezi isanu ndi umodzi ndi pomwe tinaona kuti chipeso sichikudzazanso tsitsi ndipo ziphuphu zinachepa. Tsitsi silinabwerere lonse koma linasiya kutha.

Zinthu ziwiri zimene anamuuza motsindika. Asatenge mimba ali pa mankhwalawa, anayamba wasankha njira yolera asanamupatse, chifukwa nawonso angasokoneze mwana wamwamuna m'mimba. Chachiwiri ndi potassium, mankhwalawa amasunga mchere umenewu m'thupi ndipo ukachuluka mtima umatha kusokonezeka kagundidwe, nde anamuyeza magazi ndi impso asanayambe komanso atayamba. Apa ndikupempha azimayi anzanga mumve bwino, ngati mumamwa Bactrim tsiku ndi tsiku monga ambiri amene ali pa ma ARV, kapena muli pa enalapril wa BP, kapena impso zanu zili ndi vuto, musayerekeze kumwa spironolactone mwa inu nokha chifukwa onsewa amakweza potassium. Anafunsidwa mafunso amenewa mmodzimmodzi ine ndili pompo.

Komanso achemwali anuwo ngati abereka posachedwa, tsitsi limathothoka pakatha miyezi itatu kapena inayi ndipo limabwerera lokha. Magazi ochepa amathothotsanso, chithokomiro chimodzimodzi, munthu akadwala malungo aakulu kapena typhoid zimachitikanso. Ngati ndi zigamba zozungulira zoyabwa chingakhale chipere, ndipo chindoko nachonso chimadya tsitsi mwa zigambazigamba. Apite ku Mzuzu Central akafunse za kliniki ya khungu, akawaone m'mutu ndi kuwayeza magazi, asayambire pa pilisi.

Madala a ku Zolozolo ayankha:

Mwana wanga, ine ndili ndi zaka 61 ndipo finasteride wa 5 mg ndimamwa chifukwa cha prostate, mkodzo unkavuta kutuluka usiku. Ndingowonjezera chimodzi chimene ena sananene. Mankhwalawa amatsitsa PSA, chiyezo cha m'magazi chimene amaonera khansa ya prostate, pafupifupi ndi theka. Iwe udakali wamng'ono koma ukadzapitiriza kumwa mpaka zaka za m'ma 40 uko, tsiku lililonse ukayezetsa uziwauza adokotala kuti uli pa finasteride, apo ayi adzaona nambala yotsika n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Mapilisi anga ndimasunga m'kabati yokhoma chifukwa pakhomo pali apongozi ndi zidzukulu, ndipo sindidula.

Dazi langa linayamba ndili ndi zaka 30 ndipo ndikukumbukira momwe zinkawawira, nde sindikuuza kuti ndi zachibwana. Ndinayamba kumeta mpala chaka chimene mwana wanga woyamba anabadwa ndipo mpaka lero ndimameta Loweruka lililonse. Imeneyonso ndi njira, uyiganizire pamodzi ndi zinazo. Koma mawa m'mawa uyambe ndi kuperekeza mkazi wako kuchipatala.

Wa ku Chibavi wayankha:

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza kuposa momwe ndimayembekezera. Tinapita ku sikelo m'mawa uno osadikira tsiku lathu, bokosi ndinatenga. Anamwino anatifunsa kuti agwira kangati komanso ngati anamwako, titati sanamwe anati mwayi woti pachitika kanthu ndi wochepa, analemba m'buku la sikelo ndipo atipatsa tsiku la scan. Akazi anga analira pang'ono m'minibasi pobwerera, osati mokwiya, akuti anangochita mantha kuti ankatsuka sosa uja ndi manja awo osadziwa kanthu. Mapilisi ndasiya, otsalawo ndakasiya ku pharmacy kuti akataye iwo. Ndidikira mwana abadwe kenako ndikaonane ndi adokotala, panopa ndiyamba zojambula mwezi ndi mwezi zija. Achemwali ndawatumizira zimene mwalemba mayi a saluni, ayankha kuti mesh sanapumitseko chiyambire chaka chatha ndipo ali pa enalapril, nde spironolactone uja sagula.

Funso lomaliza kwa a pharmacy, ndinachita manyazi kufunsa kuchipatala. Milungu itatu imene ndimamwa ija timagona limodzi ngati banja, kodi mankhwala sadutsa mu umuna? Komanso ndimapereka magazi ku MBTS, bungwe lotolera magazi lija, akandiitana ndipite? Nanga minoxidil ndingayambe panopa?

Wa mu pharmacy ku Katoto wayankha:

Mwachita bwino kupita achimwene. Mu umuna amadutsamo koma ochepa zedi, anayeza ndipo kwa wa 1 mg sanaone kuti ndi zoopsa kwa mwana. Mapepala ena a 5 mg amalangizabe kondomu ngati mayi ndi woyembekezera, ndipo a dutasteride amanena zimenezo mosabisa. Inu mumamwa pafupifupi kota ya pilisi ndipo mwasiya, finasteride sachedwa kuchoka m'magazi, koma pa scan paja mutchulenso kuti alembe zonse pamodzi, anamwino amamva mafunso otere tsiku lililonse.

Magazi musapereke mpaka patathe mwezi wathunthu chisiyireni, chifukwa botolo lanu likhoza kukapatsidwa kwa mayi woyembekezera. Akanakhala dutasteride ikanakhala miyezi isanu ndi umodzi. Mukapita muwauze a MBTS dzina la mankhwala ndi tsiku limene munamwa komaliza.

Minoxidil wopaka mukhoza kuyamba inuyo, madamu asapake komanso asakupakeni. Pakani pakhungu la m'mutu osati pa tsitsi, musambe m'manja ndi sopo mukatha, ndipo usiku muzipaka maola awiri kapena kuposa musanagone kuti aume asapite pa pilo yomwe mukugonera awiri. Akayamba kuyabwa kwambiri kapena mtima kuthamanga siyani mubwere tidzaone. Nayenso milungu yoyamba amathothotsa ngati momwe anenera a ku Luwinga, nde chithunzi choyamba jambulani musanatsegule botolo.